Mitembo ya mu Mtengo wa Kungalande

Malemu mayi Belmira Ormonde Fagundes anabadwa pa 9 Malichi 1942 m'mudzi wa Capelo, pachilumba cha Faial. Anali mwana wachitatu m'banja la bambo Custódio Ormonde ndi mayi Alzira. Ine amene ndaima pano ndine Hilário Fagundes, mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo bambo Serafim. Ana asankha ine kuti ndinene mbiriyi chifukwa mwa onse amene tinawoloka nyanja m'zaka zimenezo ndatsala ndekha. Bambo mfumu, anamfedwa, abale ndi anansi nonse, mundipirire, mpweya wanga suli ngati kale. Ndipo ndineneretu: mbiri iliyonse imathera pa kutchula otsala, koma pali dzina limodzi limene latisowetsa tulo kuyambira Lachiwiri, loti kodi litchulidwe pamodzi ndi amoyo kapena ayi. Mukamva zonse mudziwa chifukwa chake.

Malemu anayamba sukulu m'mudzi momwemo m'chaka cha 1949, ndipo anaphunzira zaka zinayi, monga zinalili kwa atsikana masiku amenewo. Mu Seputembala 1957 phiri linaphulika moto m'nyanja, pafupi ndi mudzi wawo. Phulusa linagwa kwa miyezi, linakwirira minda ndi madenga, masana kukhala ngati madzulo. Malemu sankakonda kukamba za nthawi imeneyo. Ankangoti kuyambira pamenepo sanaopenso tsiku lopanda dzuwa.

M'chaka cha 1959 banja lawo linasamukira kuno ku California. Bambo awo anapeza ntchito yokama ng'ombe ku Gustine, iwo nalowa m'fakitale yoika mapichesi m'zitini. Anakumana ndi achimwene anga pa chikondwerero cha Mzimu Woyera, pamene malemu ankagawa msuzi wa nyama ndi buledi. Achimwene ankangobwerera pamzere, mimba ili ndii, mpaka malemu anawafunsa pamaso pa anthu kuti, "Bambo inu, kwanu kulibe mphika?" Anamanga ukwati woyera pa 15 Juni 1963, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Lucinda mu 1965 ndi Norberto mu 1968.

M'chaka cha 1974 anagula malo awa a kumadzulo kwa Chowchilla, ndipo mu 1979 anagulitsa ng'ombe zonse n'kubzala mitengo ya mtedza wa amondi. Achimwene ankati mtengo ndi wabwino chifukwa sufuna kukamidwa Lamulungu. Malemu ndi amene anakoka chingwe choongolera mizere, kuyambira kuseri kwa nyumba mpaka kungalande yaikulu ya madzi othirira minda. Ine ndinkagwira nawo ntchito, ndipo ndikuchitira umboni kuti mzere ukakhota ankatizulitsa, ngakhale dzuwa litaswa mtengo.

Inu ochokera ku San Jose ndi kwina kumatauni, mundilole ndifotokoze mawu amodzi, kuti musadzidzimuke. Tikakolola, mtedza wina umakanirira m'mitengo, n'kuda bii, n'kuuma. Alimi kuno timautcha mitembo. Mitembo siisiyidwa m'mwamba, chifukwa ndimo mmene mbozi imagona nyengo yozizira, kudikira mtedza watsopano. Ndiye chaka chilichonse mu Januwale, chifunga chikanyowetsa mitengo, timapita kukagwetsa mitembo. Makina amagwedeza, yotsalayo timagogoda ndi nsungwi zazitali. Ndipo m'banja mwathu tili ndi lamulo la bambo athu: nsungwi ukaiimika pamtengo ndiye kuti wangochokapo, ubwera, wina asakhudze ntchito yako. Ukaigoneka pansi ndiye kuti wamaliza.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 20 Januwale 1998 kunacha ndi chifunga choti dzanja lako lomwe osaliona. Mvula inali itagwa yambiri chaka chimenecho, makina sakanalowa m'matope, ndiye tinapita ndi nsungwi anthu atatu: achimwene, ine, ndi wantchito wathu bambo Eusebio Quiroz. Ine ndinali mzere woyandikana nawo. Sindinkawaona, ndinkangomva nsungwi yawo, kho, kho, kho. Achimwene anali ndi kagogodedwe kawo, kawiri mofulumira kenaka kamodzi, moti ngakhale mwana akanazindikira. Anandikuwira kuti, "Hilário, ngati msana wakukana kamwe khofi. Uno ndi wotsiriza, ndiumaliza ndekha." Ndinawayankha kuti nkhalamba ndi iwo. Anaseka, nsungwi inapitiriza, kenaka kunangoti zii.

Tinapeza nsungwi itaimikidwa bwinobwino pa mtengo wotsiriza, wa pamphepete pa ngalande. Mbali ya kungalande inali yoyera, mbali ya kunyumba mitembo ikadali lende. Ngalande inali yodzaza mpaka m'milomo. Apolisi anabwera ndi agalu, anabwera odziwa kumira, anatsata madziwo mpaka kumageti otsekera madzi a kumunsi. Sanapeze kanthu, ngakhale chipewa.

Tonse tinadziwa chimene chinachitika, koma malemu sanavomere. Bambo mfumu a nthawi imeneyo atanena zoti tichite Misa ya maliro, anawayankha mwaulemu kuti, "Bambo, munthu woimika nsungwi chonchi sanapite, wangochokapo." Sanavale zakuda. Wina akawatcha mayi wamasiye ankamuyang'ana mpaka iye yekha kusintha mawu. Nsungwi ija anaitenga n'kuiimika kuseri kwa chitseko cha khonde la kukhitchini, pamene denga lili lalitali, ndipo anaika lamulo: mtengo wa kungalande usakololedwe, usagwedezedwe, usagogodedwe. Ankati amene anaiyamba ntchito ndi amene aimalize.

Ine ndinalimbana nawo, sindibisa, ndipo mpaka lero ndikuti pa nkhani ya mbozi ndinkanena zoona. Ndinkati, "Mlamu, mtengo uwu ndi khola la mbozi, mukuweta adani." Iwo ankati, "Alamu, inu muli ndi mitengo masauzande yoti mulamule, umodzi wokhawu wakulakwirani chiyani?" Mnansi wathu bambo Gurmel Dhaliwal, amene akhala kumbuyo uko, anabwerapo atakwiya chifukwa mbozi inkawolokera kwawo. Anabwerera ndi buledi wotsekemera m'manja, ukali wonse utawathera. Mayi awa anali ouma mutu, ndikunena pamaso pa bokosi lawo, ndipo akanakhala kuti akumva akanati zikomo.

Kuyambira chaka chimenecho malemu anayendetsa munda okha. Anaphunzira za madzi, za mankhwala, za njuchi zimene zimabwera pa malole mu Febuluwale kudzathandiza maluwa kubereka. Analowa m'bungwe la alimi, ndipo pa misonkhano amuna ankayamba ayang'ana kumene akhala asanatsegule pakamwa. Sanasiyenso kuphika pa chikondwerero cha Mzimu Woyera. Ambiri muli muno munakula ndi msuzi wawo.

Tsono pali zina zimene sizinenedwa pa maliro, koma ndikazidumpha mbiriyi ikhala yabodza. Chaka chilichonse mtengo uja unkabereka, mtedza n'kuumira momwemo. Ndipo chaka chilichonse, Januwale akamatha, mbali ya kungalande tinkaipeza yoyera, mbali ya kunyumba ili chidere. Ine ndinkati ndi akhwangwala, Norberto ankati ndi mphepo ya pamadzi. Koma akhwangwala amadya, ndipo ife mitemboyo tinkaipeza pansi yathunthu, yosajompha. Mphepo nayo sindinaione ikusankha theka la mtengo ngati yajambula ndi chingwe.

Antchito anayamba kukana kufika kumizere ya kumapeto tsiku la chifunga. Ankati kumamveka nsungwi. M'chaka cha 2003 bambo Eusebio, munthu amene sankaopa njoka kapena ng'ombe yamphongo, anabwera pakhonde chipewa chili m'manja nati, "Mayi, ntchito ndimaikonda, koma sindingathe kugwira limodzi ndi munthu amene sindikumuona." Malemu sanawatsutse. Anangowafunsa ngati achimwenewo akugogoda bwino, kapena akumveka otopa. Ine sindinamvepo kalikonse m'zaka zimenezo, komanso ndivomere kuti tsiku la chifunga ndinkapeza chochita kugalaja.

M'chaka cha 2004 mitengo yoyamba ija inakalamba, ndipo tinaizula yonse kuti tibzale ina. Malemu anakaima pa mtengo wa kungalande tsiku lonse, makina n'kumawazungulira. Unatsala wokha pakati pa dothi loyera, ndipo mitengo yatsopano inakulira pambali pake.

Zaka zotsatira munaziona nokha. Amondi anakwera mtengo, aliyense anabzala, ngakhale amene sankadziwa kuti duwa lake ndi lotani. Makampani a kutali anagula minda ya thonje, ya msipu, mpaka zitunda zimene sizinamwepo madzi chiyambire. Mvula itasowa tonse tinakumba zitsime zakuya, ifenso momwemo, wina akafika apa mnzake kupitirira. Walira mvula walira matope. Chifukwa chopopa madzi a pansi, nthaka inayamba kutsika pansi pa mapazi athu. Simenti ya pa chitsime chathu, imene ndinaiwaka ndekha yofanana ndi dothi, lero ili m'malere moti galu amagona pansi pake. Zitseko za m'nyumba zinasiya kutsekeka. Malemu ankati, "Ndinabadwira kumene nthaka imakwera, ndidzafera kumene nthaka imatsika."

Kenaka mitengo ya pamsika inagwa, lamulo lochepetsa kupopa madzi linafika, njuchi nazo zikufa m'ming'oma osadziwika chozipha. Pobwera kuno mwadutsa minda imene mitengo yagonekedwa m'mizere, mizu ili m'mwamba, kudikira makina oipera. Mwadutsanso ina imene eni ake anangoithawa, yoima chiimire, mitembo yokhayokha kuyambira kumsewu mpaka kumene diso lilekezera. Anzathu ambiri amene tinkakhala nawo m'tchalitchi muno anagulitsa n'kupita. Bambo Dhaliwal anazula munda wawo chaka chatha, ndipo kuchokera pakhonde pa malemu kunalibenso mnansi wokhala ndi mtengo woima.

Chitsime chathu chinayamba kukoka mchenga mu 2023. Norberto anayesetsa, ndikufuna anthu adziwe zimenezi, koma madzi sapangidwa ndi manja. Chilimwe chathachi munda sunathiriridwe, ndipo tinagwirizana kuti makina abwere mu Novembala adzazule zonse, chifukwa munda wosiyidwa umasanduka mliri kwa ena. Malemu sanakane kuti munda upite. Anangopempha chinthu chimodzi, nati kwa mwana wawo, "Norberto, dikira chifunga chidutse. Bambo ako usawazulire ntchito m'manja." Norberto analira ngati mwana, n'kuimitsa makinawo. Mitengo yonse inali itauma kuti gwa, koma nkhalamba ya kungalande inali yobiriwira, ndipo inabereka kuposa zaka zonse.

Malemu anayamba kudwala mtima ndi impso mu Okutobala 2024. Anagonekedwa m'chipatala ku Merced kwa milungu ingapo, ndipo madokotala atachita mbali yawo anapempha kubwerera kunyumba. Pofika Khirisimasi sankathanso kunyamula kapu. Ndi pamene anandiitanitsa.

Anati, "Alamu, mbiri yanga mudzanena ndinu, chifukwa ndinu nokha opanda manyazi. Musanalembe otsala mudzapite kumtengo. Mukadzapeza mitembo ikadali m'mwamba, mudzanene kuti ndasiya mwamuna. Musadzandiphere mwamuna pa maliro anga." Ndinati, "Mlamu, anthu adzatiseka m'tchalitchi." Anati, "Atiseka zaka zonsezi, mwafa nazo?" Ndinafunsa kuti nanga ndikadzapeza mtengo uli woyera. Anatembenukira kuzenera nati pamenepo ndidzadziwa ndekha chonena. Ndinalonjeza, koma mtima wanga unawawa, chifukwa ndinkadziwa kuti ndidzaima pano n'kutchula achimwene anga ngati munthu wamoyo, ana awo akumva, pomwe makina akudikira kudzazula mtengo wawo.

Lachiwiri lapitali, pa 21 Januwale 2025, kunacha ndi chifunga chonga cha chaka chija. Inali cha m'ma teni koloko m'mawa koma m'nyumba munali moyatsa magetsi. Lucinda anali pambali pa bedi. Malemu, amene anali atasiya kulankhula kuyambira Lamulungu, anatsegula maso nati, "Lucinda, tsegula zenera. Bambo ako afika mbali ya kunyumba ya mtengo." Lucinda anatsegula pofuna kungowasangalatsa. Wandilola kuti ndinene pano zimene anamva, ndipo mwana ameneyu ndi namwino, si munthu wa maloto. Anamva nsungwi kumunsi kwa munda, kawiri mofulumira kenaka kamodzi. Kunalibe wantchito m'munda mwathu tsiku limenelo, ndipo kwa anansi kulibe mtengo woti munthu agogode.

Malemu anamvetsera kwa kanthawi, kenaka anati, "Kaike khofi, mwanawe. Akamaliza amafuna wotentha." Lucinda anapita kukhitchini. Akuthira madzi anayang'ana kukhonde, ndipo kuseri kwa chitseko kunalibe nsungwi. Pakhoma panangotsala mzere woyera pamene inatsamira zaka zonsezi. Pobwerera kuchipinda anapeza kunja kuli zii, ndipo mayi ake anali atatisiya, nkhope italoza kuzenera.

Lachitatu m'mawa ndinapita kukakwaniritsa lonjezo. Sindinapite ndekha, ndinatenga Norberto ndi bambo Dhaliwal kuti pasadzakhale wonena kuti nkhalamba yasokonezeka. Tinayenda pakati pa mitengo youma, chifunga chikutinyowetsa kumaso. Titafika, bambo Dhaliwal anagwira mkono wanga. Mtengo unali woyera mbali zonse ziwiri, kuyambira kunsonga mpaka nthambi za m'munsi, osatsala ndi umodzi womwe. Mitembo inali itasesedwa mzere umodzi wowongoka pakati pa njira, monga achimwene ankachitira kuti makina adzaipere mosavuta. M'matopemo munali mapazi a ife atatu okha. Kenaka ndinayang'ana pa thunthu kufuna nsungwi, koma sinali pamenepo. Inali itagonekedwa pansi.

Norberto akuti mwina ndi munthu wachifundo amene anafuna kuti mayi ake apite ndi mtendere. Tafunsa aliyense amene tikumudziwa, onse akana. Ngati muli muno amene munachita zimenezi, mutipeze pa chakudya, sitikukalipirani, tikufuna tikuthokozeni ndipo mutiuze mmene munayendera m'matope osasiya phazi. Lucinda anangowiritsa khofi uja n'kukamuika pakhonde. Ana onse awiri anandisiyira ine kuti dzina lija ndiweruze, popeza lonjezo linali langa. Ine si munthu wophunzira za kumwamba, zimenezo ndi za bambo mfumu. Ndimangodziwa lamulo la bambo athu, ndipo achimwene sanaliphwanyepo.

Choncho malemu mayi Belmira Ormonde Fagundes atisiya ali ndi zaka 82. Asiya ana awiri, mayi Lucinda Avila ndi bambo Norberto Fagundes, adzukulu asanu, zidzukulutudzi zitatu, mng'ono wawo mayi Odília amene anatsala ku Faial ndipo sanathe kubwera chifukwa cha ukalamba, ndi ine mlamu wawo wokangana naye. Mwamuna sanasiye. Ndanena zimenezi koyamba pakamwa panga, ndipo zikundiwawa ngati achimwene amwalira dzulo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza bambo mfumu ndi akwaya, anamwino amene ankabwera kunyumba, amayi a bungwe la Mzimu Woyera amene aphika msuzi umene tikadye kuholo, ndi bambo Dhaliwal ndi banja lawo, amene anapirira mbozi yathu zaka zambiri osatitengera kubwalo. Ndikuthokozanso bambo Eusebio Quiroz, amene ayenda ulendo wautali kuchokera ku Yuma, ndipo apempha kunyamula nawo bokosi. Makina abwera Lolemba, ndipo mtengo wa kungalande upita limodzi ndi inzake, palibenso woletsa. Amene mukufuna kukauona mupite lero kukadali kowala. Koma ndikupempha chinthu chimodzi, makamaka kwa inu muli ndi ana: nsungwi ija ili pomwe tinaipeza, wina asaiimike.

Mwambo umati nditseke ndi kupempherera mzimu umodzi. Bambo mfumu avomera kuti Misa ya lero ikhale ya anthu awiri, chifukwa ina ija inakanidwa mu 1998 ndipo yadikira mokwanira. Mlamu wanga Belmira, achimwene anga Serafim, ntchito yatha, khofi ali pakhonde. Mizimu yanu iuse mumtendere.